Chenjezo kwa inu osinthanitsa voti ndi chitenje

Inu ana a kuno kum'mawa kwa Zambia, makamaka anyamata okonda kulendewera pamalole nthawi ya kampeni, tsikani mukhale pansi ndikuuzeni. Chimene mukuseweretsachi, chodzisankhira nokha pulezidenti, anzanu a maiko ena akuchilirira, ndipo ena adzalowa m'manda asanachigwire.

Ku South Africa, kumene ambiri mumalota kukagwira ntchito, munthu wamba savotera pulezidenti. Amavotera chipani, kenaka aphungu ndiwo amakasankha mtsogoleri m'nyumba ya malamulo. Mu 2024 chipani cha ANC chinapeza mavoti 40 okha pa 100 alionse, koma a Cyril Ramaphosa anabwerera pampando chifukwa akuluakulu a zipani anamvana. Mu 2008 a Thabo Mbeki anauzidwa ndi komiti ya chipani chawo kuti atule pansi udindo, mayi wogulitsa tomato ku Soweto osafunsidwa kanthu. Ku America kumene mumakutamandako nkhani yake njokulirapo. Pulezidenti amasankhidwa ndi nthumwi 538, wopeza 270 ndiye wawina. Mu 2016 a Hillary Clinton anaposa a Donald Trump ndi mavoti pafupifupi 2.9 miliyoni, koma ndiwo anabwerera kunyumba. Kuyambira mu 2007, pamene Maryland inayamba, zigawo zina zakhala zikusainirana pangano loti nthumwi zawo zizipita kwa amene wapeza mavoti ambiri m'dziko lonse. Zaka zonsezi akuwerengabe zala, 270 ija sinakwane.

Ife kuno tili nazo kale. Iwe wopalasa njinga ya kabaza ku Kapata, chala chako chimalemera chimodzimodzi ndi cha nduna ya ku Lusaka, ndipo voti yako imapita pa dzina la munthu amene wamufuna, popanda wina pakati.

Musaganize kuti zinali chonchi kuyambira kale. Kuchokera mu 1973, nthawi ya chipani chimodzi, papepala pankakhala dzina limodzi, la a Kaunda, ndipo funso linali inde kapena ayi. Kumbali ya ayi nthawi ina anaikako chithunzi cha chule. Mukuseka? Ife sitinkaseka mokweza. Pa 31 Okutobala 1991 mpamene tinaonanso maina awiri, a Kaunda ndi a Chiluba, a Chiluba n'kuwina. Kuno kum'mawa tinakakamira UNIP, chipani cha a Kaunda, mipando yonse 19 ya chigawo chino. Kaya tinachita bwino kaya ayi, ameneyo ndi mlandu wina, koma tinasankha tokha. Mu 2001 a Mwanawasa analowa ndi mavoti 29 pa 100, anthu n'kudandaula kwa zaka zambiri, mpaka mu 2016 malamulo anasinthidwa kuti wowina azipitirira theka la mavoti onse. Abale athu a ku Malawi kuseri kwa Mwami izi anazipeza kudzera kukhoti mu 2020, masankho a 2019 atathetsedwa.

Tsono taonani zimene mukuchita nazo. Kukabwera msonkhano wa chipani, mumafika m'mamawa osadziwa n'komwe kuti wolankhula akuima pampando uti. Maso ali pa galimoto ya zitenje. Azimayi aakuluakulu, ena obereka zidzukulu kumsana, kukokerana nsalu mpaka kuing'amba pakati. Anyamata kulandira K50, madzulo yonse yathera pa kachasu, m'mawa mutu ukuwawa, ndipo ukawafunsa kuti mkulu uja ananena chiyani za mtengo wa chimanga, amangoti anaimba bwino. Choipitsitsa ndi ichi: kumabwera munthu m'mudzi ndi kope la mwana wasukulu, akuti lembetsani manambala a reji ndi a khadi lovotera kuti mudzalandire feteleza, inu n'kufola mzere osafunsa amene wamutuma. Safunsa anadya phula. Ena mumapereka khadi lenilenilo, ena mumalisiya chikole pamowa.

Tsiku lovota likafika, boma lakupatsani holide, inu n'kuisandutsa tsiku lochapa ndi kusewera nsolo, muli voti imodzi siisintha kanthu. Werengani. Mu Januwale 2015, a Sata atamwalira, mwa anthu atatu alionse olembetsa, awiri anakhala kunyumba. A Lungu anaposa a Hichilema ndi mavoti 27,757 okha m'dziko lonse. Mu 2008 a Rupiah Banda, mwana wa kuno, anaposa a Sata ndi mavoti ngati 35,000. Amene anagona masiku amenewo ndiwo anadzalongolola kwambiri pambuyo pake.

Ndamva ena ophunzira akunena kuti poti anthu akumudzi amagulidwa ndi mchere, bwenzi aphungu akutisankhira pulezidenti. Ayi, bambo. Aphungu onse amakwana m'chipinda chimodzi, ndipo wa thumba lalikulu atha kuwayendera mmodzimmodzi usiku. Anthu mamiliyoni sangawamalize. Ku Angola voti yapadera ya pulezidenti anaichotsa mu 2010, ku Togo mu 2024 mphamvu anazisamutsira kwa wosankhidwa ndi aphungu, ndipo ofuna zoterezi amayambira pomwepa, kuloza kusasamala kwa anthu. Mukuwapatsa umboni ndi manja anu.

Sindikuti voti yathuyi ilibe chilema. Chilipo, ndi chija cha wako ni wako, kusankha munthu chifukwa cha dzina la bambo ake. Chimenecho ndi cha ife ovota, malamulo sangatichotsere.

China chimene simuyang'ana n'chakuti kuyambira 2016 pulezidenti amaima limodzi ndi wachiwiri wake. Tinaika m'manda atsogoleri awiri ali pampando, mu 2008 ndi mu 2014, ndipo konseko tinakavotanso. Pano ayi. Wamkulu akamwalira, wachiwiri uja ndiye amalowa n'kumaliza zaka zotsalazo, osakufunsaninso. Ndi angati a inu amene mumafufuza za munthu wachiwiriyo musanachonge?

Anyakwawa a ku Katete, Chadiza, Vubwi, Lundazi ndi konse, munthu wa kope uja akafika m'mudzi mwanu, mufunseni kalata yomutuma, akalephera kanenani kupolisi. Ndipo iwe amene khadi lako lili m'mbale kwa mayi wa kachasu, pita ukalipire ngongoleyo ulitenge sabata ino.