Womwa mowa asalumphe ma ARV

Amtolankhani, mwalemba kuti alangizi aziuza anthu kuti asiye mowa basi. Zimenezo sizikwanira. Asodzi ena ku Senga Bay ndi ku Chipoka amalumpha ma ARV tsiku limene amwa kachasu, poopa kuti zikasakanikirana zisanduka poizoni. Kulumphako ndiko kumachulukitsa kachilombo m'magazi. Mlangizi amuuze munthuyo kuti TLD (ARV ya piritsi limodzi patsiku) amwebe, ndipo aziimwa m'mawa asanapite kumowa. Akaiwala, amwe akangokumbukira ngati sipanadutse maola 12. Koma amene amamwa tsiku lililonse mpaka manja kunjenjemera akadzuka, asasiye mwadzidzidzi, akhoza kugwa ngati wakhunyu. Ameneyu apite kuchipatala kaye, makamaka ngati akumwanso mankhwala a TB, chifukwa chiwindi chimavutika kwambiri.