Ozimitsa moto: Scotland inaphatikiza magulu, England inayamba ndi mafoni

Gulu la ozimitsa moto la Lothian and Borders, la dera la Edinburgh ku Scotland, kulibenso. Mizu yake ndi ya 1824, pomwe mzinda wa Edinburgh unakhazikitsa gulu lakelake motsogozedwa ndi James Braidwood, yemwe mu 1833 anapita kukatsogolera ozimitsa moto a ku London. Dzina loti Lothian and Borders linabwera mu 1975, ndipo likulu linali pa Lauriston Place, siteshoni yomwe inatsegulidwa mu 1900. Kenako magalimoto anasamukira ku siteshoni ya Tollcross mumzinda womwewo, nyumba yakaleyo n'kutsala ya maofesi ndi yosungiramo zida zamakedzana.

Pa 1 Epulo 2013, Scotland inaphatikiza magulu ake onse 8, kuphatikizapo la Lothian and Borders, kukhala limodzi, Scottish Fire and Rescue Service. Bwana atakhala mmodzi, zipinda zolandirira mafoni a 999 anazichepetsa pang'onopang'ono kuchoka pa 8 kufika pa zitatu: Johnstone, Edinburgh ndi Dundee.

England inayambira kumchira. Mu 2004 boma linafuna kuti zipinda 46 zolandirira mafoni zikhale 9 zogwiritsa ntchito pulogalamu imodzi ya kompyuta, koma magulu enieniwo linawasiya m'manja mwa eni ake, lililonse ndi kachitidwe kake kotumizira magalimoto. Kompyuta imodzi ingamvere bwanji mabwana ochuluka chonchi? Nyumba zinamangidwa, pulogalamu yake sinatheke, ndipo mu Disembala 2010 ntchitoyi, yotchedwa FiReControl, inathetsedwa itadya ndalama zosachepera £469 miliyoni. Kuphatikiza komwe kwayenda kumeneko ndi kwa oyandikana ogwirizana okha: Devon ndi Somerset mu 2007, Dorset ndi Wiltshire mu 2016.

Apa Scotland inaponda bwino, koma nayo inapsa chala. Gulu latsopanolo litachoka m'manja mwa makhonsolo, linataya mwayi wobwezeredwa msonkho wa VAT, ndipo linaulipira mpaka 2018. Vuto lina ndi la mayina: wolandira foni ku Dundee akhoza kusokoneza midzi iwiri ya dzina lofanana, yomwe wa m'chipinda cha ku Inverness, chomwe chinatsekedwa, ankaidziwa ngati kumudzi kwawo.

Kumidzi mayiko awiriwa akulira mofanana. Masiteshoni ambiri amadalira anthu okhala ndi ntchito zawo, omwe akaitanidwa ayenera kufika m'mphindi pafupifupi zisanu. Masana ambiri amakhala atapita kuntchito m'tauni, ndipo akapanda kukwana anayi, galimoto nthawi zambiri situluka n'komwe.