Live center yokonzedwa izigulitsidwa ndi muyeso wake

Ndimawalemekeza amisiri amene amagula live center yakale (chitsulo chosongoka cha pa makina opalira zitsulo otchedwa lathe), kuikonza ndi kuigulitsanso, koma sindigwirizana ndi amene amangoipukuta ndi sandipepa, kuipaka mafuta kuti iwale, n'kumauza wogula kuti ili ngati yatsopano.

Chitsulo chosongoka chimenechi chimalowa mu tailstock, mbali yochirikiza imene ili kumapeto kwa makina a lathe, ndipo chimagwira kumapeto kwa shafiti yaitali pamene ikupalidwa. Nsonga yake, yosongoledwa pa madigiri 60, imazungulira limodzi ndi shafitiyo chifukwa m'kati muli mabering'i, ndipo mabering'iwo ndiwo amayamba kutha, makamaka madzi oziziritsa ndi tizidutswa ta chitsulo zikalowa n'kusakanikirana ndi girizi. Zikatero nsonga imagwedera, makina amalira mwachilendo, ndipo shafiti imatuluka ndi timizere tonga mafunde. Kuwala kwa kunja sikuchiza zimenezi.

Kukonza kwenikweni n'kumasula zonse, kutsuka ndi palafini, kuika mabering'i atsopano, kuphatikizapo ija yolandira mphamvu yokankha kuchokera kutsogolo, ndi kupaka girizi woyenera mosachulutsa, pakuti akachuluka chitsulo chimatentha. Nsonga yoperepeseka iyenera kunoledwa ikuzungulira pa mabering'i ake omwe, chifukwa mukainola padera idzaoneka yosongoka bwino koma siidzakhala pakati. Thunthu lakumbuyo, kaya kukula kwake ndi MT2, MT3 kapena MT4, lipakidwe utoto wabuluu woyesera, lilowetsedwe m'dzenje lake la mu tailstock, kuti muone ngati likukhudza paliponse. Zambiri zimabwera ndi zipsera za hamala pamenepa, ndipo kachipsera kamodzi kotukuka n'kokwanira kupendeketsa nsonga.

Pomaliza pamafunika dial indicator, kachipangizo konga wotchi koyezera kugwedera. Muike kansonga kake pa nsonga ya live center, muzungulitse pang'onopang'ono ndi chala, muwerenge. Live center yabwino yatsopano sigwedera kupitirira 0.01 mm. Yokonzedwa ikafika pafupi ndi pamenepo, mmisiri ali ndi ufulu wotchula mtengo wabwino. Ikaonetsa 0.05 mm isatayidwe, ingathandizebe pa ntchito yongochotsa chitsulo chambiri, koma mtengo utsike ndipo wogula auzidwe.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa zipangizo zimenezi zimachokera kunja, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja, yatsopano siigulika mosavuta. Amene amathamangira yakale kawirikawiri ndi mnyamata amene wangomaliza kumene maphunziro a ntchito zamanja ndipo akuyamba kawokoshopu kake ku Ndirande kapena ku Mchesi. Shafiti ya chigayo ikatuluka yokhota, mwini chigayo sadzafunsa kumene live center inagulidwa. Adzanena kuti mnyamatayo sadziwa ntchito, ndipo sadzabweranso.

Choncho pempho langa kwa ogulitsa n'lakuti alembe pa kapepala kukula kwa thunthu, nambala za mabering'i amene aikamo ndi muyeso umene apeza, ndipo alole wogula kuyesa yekha pa makina asanapereke ndalama.