Khalidwe labwino si la mpingo umodzi

Mphwanga wa Sitandade 5, amene amaphunzira pasukulu ina ya boma kuno ku Lilongwe, anandifunsa funso limene landisowetsa mtendere. Aphunzitsi ananena pa asembule kuti munthu wosapemphera sangakhale ndi khalidwe, ndipo mwanayo atafika kunyumba anati, "Amalume, ndiye kuti agogo a ku Mitundu anali oipa?"

Agogo akewo ndi malemu bambo anga. Anali a gule wamkulu ndipo sanabatizidwe mpaka kumwalira kwawo, koma ndikukumbukira tsiku limene anabwerera pamsika dzuwa likuswa mtengo kuti akabweze chenji chimene mayi wogulitsa usipa anawapatsa chopitirira. Pakhomo pathu mlendo sankachoka asanasambe m'manja. Zimenezi iwo ankazitcha umunthu.

Ine ndine Mkhristu, ndipo sindingapeputse ntchito ya mipingo pa maphunziro m'dziko muno, popeza mishoni za Nkhoma ndi Likuni zinaphunzitsa anthu kuwerenga boma lisanamange sukulu m'madera ambiri. Koma sukulu ya boma imayenda ndi msonkho wa aliyense, Msilamu, Mrasta, wa gule ndi wosapembedza yemwe, ndipo gawo 33 la malamulo aakulu a dziko limateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo. M'chaka cha 2000, boma la a Bakili Muluzi litafuna kuika phunziro la zipembedzo ndi makhalidwe m'malo mwa Bible Knowledge, mipingo inakana kwamtuwagalu, ndipo mapeto ake maphunziro onse awiri anatsala. Ana achirasta nawo anachita kudikira chigamulo cha bwalo lalikulu ku Zomba mu 2023 kuti aziloledwa m'kalasi ndi tsitsi lawo.

Maganizo anga ndi akuti ana aphunzire za Baibulo, za Korani ndi za miyambo ya makolo monga nzeru zoyenera kuzidziwa, koma mphunzitsi akamaletsa kuba kapena kubera mayeso, apereke chifukwa chimene mwana aliyense m'kalasimo angachimve: kuti mnzako amene wamubera cholembera alephera kulemba lero, ndipo iwenso zitakuchitikira zingakupweteke. Mayeso a MSCE amene anathetsedwa mu 2020 atabedwa anabedwa m'dziko limene pafupifupi msonkhano uliwonse umayamba ndi pemphero.

Mphwangayo ndinamufotokozera nkhani ya chenji cha usipa, ndipo Lolemba ndikupita kukaonana ndi aphunzitsi aakulu kuti tikambirane mwaulemu za mawu a pa asembule aja.