Mlendo akabwera ku Blantyre, tisamusunge pakhonde

Sukulu zikangotsekera, kapena Khirisimasi ikayandikira, mabasi ochokera ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Mangochi amatsitsa chinamtindi cha anthu pa Wenela. Wina wabwera kwa amalume ake ku Machinjiri, wina kwa achemwali ake ku Bangwe, agogo ena abwera kudzaona zidzukulu ku Chilomoni. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri mwa iwo holide yonse imawathera pakhonde ndi pa TV. Tsiku limodzi timawatengera ku mashopu a pa Chichiri, kuwagulira ayisikilimu, kuwajambula, basi nkhani yatha. Sindikudzudzula alendowo ayi. Ndikunena ife eni khomo, amene tinazolowera kuganiza kuti kuyendera malo ndi za azungu ovala makabudula, kapena kuti holide yeniyeni ndi ya kunyanja yokha.

Ine ndikuti Blantyre ndi mzinda woyenera kuuyenda wapansi, ndipo mlendo aliyense amene watipeza kuno tili naye ngongole ya ulendo umenewo. Mlendo ndi mame, abale anga, sachedwa kukamuka.

Yambirani pomwe watsikirapo. Ndi angati amene amauza mwana kuti Wenela linali bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni? Azigogo athu ankadutsa m'manja mwa bungwe limenelo, n'kubwerako ndi njinga, wailesi ndi mabulangete, ena n'kubwerako ndi chifuwa, enanso osabwerako konse. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu kuja. Pamalo pamene lero tikulimbirana zikwama ndi oitanira basi pali mbiri ya mabanja ambiri a m'dziko muno.

Kuchoka pamenepo si patali kukafika ku mishoni ya Blantyre, pa HHI. Apa ndiye ndikupemphani kuti musathamange. Amishoni a ku Scotland anafika pamalopa mu 1876, m'dera la mfumu Kapeni, n'kupatcha dzina la kwawo kwa David Livingstone, ndipo mzinda wonsewu unaphukira pamenepo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. M'busa David Clement Scott, amene ankatsogolera ntchitoyo, sanaphunzirepo zomangamanga, ndipo amene ankaumba njerwa, kuziwotcha ndi kuziyala anali anthu akuda a kuno komweko amene anali asanamangepo nyumba yotere. Imani pafupi ndi khoma muziyang'ane njerwazo imodziimodzi. Si zofanana. Zina n'zozungulira, zina zokhota, zina zosongoka, iliyonse inaumbidwa m'chikombole chakechake kuti ikwane pamalo pake. Zaka zoposa 130 zapita, zivomezi ndi mvula zadutsa, koma chikhalirecho anthu akupempheramo Lamulungu lililonse. Ndimafuna mnyamata aliyense amene akuphunzira zomanga, ndi aliyense amene anauzidwapo kuti Mmalawi sangapange chinthu cholimba, akaime pamenepo theka la ola. Mabuku amatchula dzina la Scott, inde, koma manja amene anagwira dothilo anali a makolo athu, ndipo mwana akamva zimenezi ali chogwira khomalo sadzaiwala. Kaya ndinu a CCAP, a Katolika kapena Asilamu, nyumba imeneyi ndi yathu tonse. Chofunika n'kulowa mwaulemu ndi kupempha chilolezo musanajambule m'kati.

Mukatero tsikirani m'tauni, mudutse Victoria Avenue, muone Town Hall yakale ndi makhonde a masitolo akale a amwenye mumsewu wa Haile Selassie. Ngati ndi September kapena October mudzapeza majakaranda atachita maluwa. Ngati ndi June kapena July musaiwale juzi, chifukwa chiperoni cha kuno sichiona nkhope.

Kenako Mandala. Nyumba ija ya nsanjika yokhala ndi khonde kuzungulira inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene John ndi Frederick Moir, pachibale pawo, ankayendetsa, ndipo imawerengedwa kuti ndi nyumba yakale kuposa zonse zimene zidakaimabe m'Malawi muno. Pansi pali zojambula ndi zosemasema za akatswiri athu, pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi yosunga mabuku ndi zithunzi zakale. Koma chimene ine ndimauza ana ndikafika nawo pamenepo ndi china. Ndimatulutsa K500 kapena K2,000 m'thumba, n'kuwaonetsa nkhope ya John Chilembwe, n'kuwauza kuti mu January 1915 anthu ake anayenda usiku kuchokera ku Mbombwe, ku Chiradzulu, kudzathyola nyumba ya mfuti ya kampani imeneyi kuno ku Mandala. Nkhani imene amangoiloweza kuti akhoze mayeso imasanduka malo enieni, ndipo amayamba kufunsa okha: anadzera njira iti, anali angati, anathawira kuti?

Ku Museum ya pa Chichiri, imene inatsegulidwa mu 1966, ambiri tinapitako tili ku pulayimale, ndipo kuchokera pamenepo sitinapondeko. Pabwalo pali mitu ya sitima zakale zoyendera nthunzi ndi nyumba yachikale ya ndiwula. M'kati muli zida za makolo, ndalama zakale, za nthawi ya ukapolo, komanso mwala uja unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981. Ndalama yolowera siifika pa imene timawononga pa zakumwa Loweruka limodzi. Ena amati malowo ndi okalamba, zinthu zake n'zomwezomwezo. Mwina n'zoona, koma malo amene eni ake sawapondako angakonzedwe ndi ndalama yochokera kuti? Mukatuluka, chipilala cha ufulu ndi bwalo la Kamuzu zili pomwepo. Zikapezeka kuti Maule ndi Manoma akukumana sabata imeneyo, mlendo wanu mwamupatsa nkhani ya chaka chonse.

Wina anena kuti zonsezi zimafuna galimoto ndi mafuta, zinthu zavuta. Ndikumva, ndipo sindikupeputsa. Komatu minibasi yochoka m'tauni kupita ku Limbe imadutsa pa Ginnery Corner, pa Gulupu ndi pa Chichiri, ndiye theka la ulendowu lili mumsewu umodzi. Limbe payokha ndi ulendo: inali tauni ina, yomera chifukwa cha njanji ndi fodya, mpaka anaiphatikiza ndi Blantyre mu 1956, n'chifukwa chake mpaka lero ili ndi fungo ndi liwiro lakelake. Lowani naye mumsika mlendoyo, aone zitenje ndi kaunjika, adye tchipisi cha pachiwaya. Mupite nayenso ku Ndirande akaone amisiri akusula mbaula, ndowa ndi mafelemu a zitseko kuchokera ku zitsulo zimene ena anataya. Tisamachite manyazi ndi Ndirande. Kumeneko ndiye kumene mzindawu umagwirira ntchito. Foni isungeni bwino monga muchitira mumzinda uliwonse, ndipo dzuwa likamapendeka muzikhala mukubwerera.

Za mapiri ndiye zimandikhudza kuposa zonse. Blantyre wakhala pakati pa Michiru, Soche ndi Ndirande, ndipo sungaumvetse mzindawu usanauone uli pamwamba. Ukakwera umaona Mudi mmene wadutsira pakati pa mafakitale, umaona Sanjika pa kaphiri kake, ndege zikutera ku Chileka, kukakhala kowala ngakhale Mulanje amaonekera patali. Komanso umaona chimene tachita. Phiri la Ndirande, limene akuluakulu amalikumbuka lili ndi nkhalango, lero ndi miyala ndi minda. Michiru, kumene Akhristu amakwera pa Njira ya Mtanda, nkhwangwa ndi mauvuni a makala zalowerera. Pa Soche pali zipsera za mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Amene anaima pansi pa zipsera zimenezo n'kuyang'ana m'mwamba sangamvenso nkhani ya mitengo ngati nkhani ya pa wailesi chabe. Ndikhulupirira ndithu kuti mapiriwa tinawataya chifukwa ambirife tinasiya kuwakwera, tinawasiyira odula mitengo okha, ndipo chinthu chikamatha popanda wochiona palibe amene amakuwa.

Choncho holide ikubwerayi, inu achimwene a ku Chirimba, inu amayi a ku Zingwangwa, patulani masiku awiri okha. Loyamba la m'tauni, kuyambira ku mishoni kukathera ku Limbe. Lachiwiri la kuphiri: nyamukani m'mamawa dzuwa lisanapse, mukhale gulu, mutenge madzi ndi nsapato zogwira pansi, ndipo mupeze munthu wodziwa njira kapena alonda a nkhalango kuti akutsogolereni. Agogo amene miyendo singawalole kukwera, akhazikeni pamthunzi pa mishoni paja muwafunse za Wenela. Mwina bambo awo anakwerera pomwepo.