Kuimitsa galimoto pamsewu, kuno kwathu ndi kutsidya kwa Muloza

Mphwanga wa ku Limbuli ali pa maphunziro a upolisi ku Limbe, ndipo pamene anandiimbira foni anati masiku ano akuphunzira kaimitsidwe ka galimoto pamsewu. Nkhaniyi inandikhudza chifukwa ndimayenda kawirikawiri pamsewu wa M2 kuchokera ku Thyolo mpaka ku Muloza, ndipo nthawi zina ndimadutsa chipata kupita ku Milange, ku Mozambique, kotero apolisi a mbali zonse ziwiri anandiimitsapo.

Ku Mozambique apolisi atsopano amaphunzira ku Matalane, m'boma la Marracuene pafupi ndi Maputo, pomwe akuluakulu awo amaphunzira ku ACIPOL, sukulu yomwe inakhazikitsidwa mu 1999. Kuchoka kumeneko kufika ku Zambézia, chigawo chomwe kuli Milange, ndi kutali kwambiri, choncho wapolisi angathe kufika ku Milange asakudziwa Chichewa kapena Chilomwe, n'kumafotokoza mlandu m'Chipwitikizi kwa dalaivala amene akungovomera ndi mutu asakumva kanthu. Athu, kaya anaphunzira ku Limbe, ku Mtakataka kapena ku Mlangeni, ali ndi mwayi wakuti mawu akuti "Mwaswera bwanji bambo, tione nawo laisensi" amamveka paliponse. Mwayi umenewu timauwononga tokha ngati wapolisi satchula chifukwa chimene waimitsira galimotoyo, n'kungoizungulira kufunafuna cholakwa.

Chimene ndimasirira kutsidyako ndi kuumirira kwawo pa zida zopewera ngozi. Wapolisi wa pamsewu wa ku Mozambique amafuna kuona matirayango awiri ndi chovala chonyezimira chija, zinthu zimene zimapulumutsa moyo galimoto ikafa usiku. Maiko onsewa amayenda kumanzere, ndipo dalaivala amakhala kumanja, kotero wapolisi amene waima pazenera la dalaivala amakhala mbali imene magalimoto ena akudutsa. Pabwalo la perete izi sizioneka zoopsa. Koma m'makhota a m'minda ya tiyi ku Thyolo, mu June ndi July chiperoni chikatsika, lole yodzaza katundu imatulukira mwadzidzidzi.

M'mawa wina pafupi ndi Luchenza ndinaona mayi wina wapolisi akukweza dzanja minibasi yathu ikadali patali, kenaka anailozera kutsogolo kuti ikaime pamalo owongoka. Anadikira kuti matayala onse atsike mu tala, anapereka moni, ananena kuti tapyola chiwerengero cha anthu, ndipo analemba lisiti ya boma, GR ija, dalaivala akuona. Palibe amene anatchula ya fanta, yomwe kutsidya amaitcha refresco, ngakhale kuti kondakitala anali atapinda kale ndalama m'manja.

Ndinamuuza mphwangayo kuti apemphe aphunzitsi awo awatengere pamsewu umenewu m'mawa wa nkhungu asanamalize maphunziro, akaime okha m'mbali mwa tala n'kumva mphepo ya lole ikuwomba malaya awo.