Boti la ku Kariba litadutsa mu Lilongwe

Loweruka lapitali ndinaima pamalo ena omwetsera mafuta chakumadzulo kwa tauni, ndipo kutsogolo kwanga kunali galimoto ya nambala ya ku Zambia ikukoka boti. Boti lokongola ndithu, injini yaikulu kumbuyo. Koma maso anga anathamangira pansi pake. Pachitsulo cha pafupi ndi matayala a ngolo yake panakola timasamba tobiriwira, tosauma, ndipo kabowo kotulutsira madzi kumbuyo kanali kudontha. Ndinawalonjera bambo amene amayendetsa n'kuwafunsa kumene achokera.

"Ku Siavonga, achimwene. Tanyamuka dzulo, madzulo ano tikhala tili pamadzi ku Senga Bay."

Nditafunsa ngati alipo amene anasuzumira pansi pa botilo panjira yonseyi, anati iwo anaonetsa mapepala a galimoto ndi a injini, basi. Sanalakwe kanthu bambowo. Palibe anawauza kuti pali choyang'ana.

Siavonga ili m'mphepete mwa nyanja ya Kariba, ndipo Kariba ndi nyanja yodzaza ndi alendo, kutanthauza zomera ndi zamoyo zam'madzi zochokera kwina. Damu litangotha kumangidwa mu 1959, chomera china choyandama chochokera ku South America, Salvinia, chinafalikira mpaka mu 1962 chinali chitaphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanja yonse. Chomerachi sichifuna mbewu. Kachidutswa kamodzi kokhala ndi mphukira kakagwera m'madzi odekha, kayamba munda wake. Pambuyo pake kunabwera nkhanu za zikhadabo zofiira za ku Australia, zimene zinathawa m'manja mwa oweta. Lero msodzi wa ku Kariba kapena ku Kafue akavuula matchera ake m'mawa amapeza nsomba zina zitadyedwa kale mbali imodzi, zosagulitsika.

Njira ya a Zambia ndi a Zimbabwe inali yolandira mlendo ngati akubweretsa ndalama. Kapenta anachita kukamutenga ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968, ndipo zinawayendera: anthu ambirimbiri akudya ndi kuphunzitsa ana ndi kapentayo. Nsombayi inatsikanso yokha ndi Zambezi mpaka kukakhazikika ku Cahora Bassa, a Mozambique osaiitana. Tilapia ya ku Nile nayo ndi imene yakweza ulimi wa nsomba wa m'makola oyandama ku Siavonga. Sindikunyoza phindu limenelo, ndi lenileni. Koma tilapia yomweyo itathawira m'nyanja inapondereza tilapia yakeyake ya ku Kariba mpaka ikusowa. Kungoti Kariba ndi nyanja yopangidwa ndi anthu, ya zaka zosakwana 70. Zimene akanataya kumeneko n'zochepa poyerekeza ndi zimene tingataye ife.

A Tanzania ndiwo analawa chowawa chenicheni. Nsomba yaikulu yolusa ya Nile perch inaikidwa m'nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1950, inakhala phee kwa nthawi, kenako m'ma 1980 inachulukana n'kumeza mitundu pafupifupi 200 ya tinsomba tapachibale ndi mbuna ndi utaka wathu. Namasupuni naye anafika kumapeto kwa zaka zomwezo, ndipo pofika 1997 anali atatseka magombe, mabwato osatha kutuluka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: mu 2013 akatswiri analengeza kuti apeza tilapia ya ku Nile m'kanyanja ka Itamba, kumwera kwa Tanzania, m'dera limene mitsinje yake imatsikira m'nyanja yathu. Nsomba imeneyi imakwerana ndi abale ake. Ikalowa, chambo sichidzatha ndi njala kapena ndi ukonde, chidzasungunuka m'magazi a mlendo.

Apa ndiye ndimanyadira dziko lathu. Malamulo athu a za usodzi salola munthu kungobweretsa nsomba yachilendo popanda chilolezo, ndipo nsomba ya carp imene inkawetedwa m'mayiwe inaletsedwa poopa kuti ingalowe m'nyanja. Alimi a nsomba amadandaula kuti makumba ndi chilunguni zimakula mochedwa pamene anzawo kutsidya la malire akukolola msanga, ndipo dandaulo lawo ndimalimva. Komabe ine ndili kumbali ya lamulo. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko, yambiri yosapezeka kwina kulikonse, n'chifukwa chake UNESCO inaika paki ya ku Cape Maclear pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Pankhani ya nsomba tinatseka khomo lakumaso bwino kuposa anansi athu onse. Nkhawa yanga ili pa khomo lakuseri, lolowera zinthu zimene palibe wazinyamula dala.

Amene anatseka khomo limenelo ndi a Botswana. Sitigawana nawo malire, koma ndi apafupi. Iwo ali ndi lamulo lakelake la zomera zowononga zam'madzi. Boti lililonse limalembetsedwa. Lochokera kunja limafuna chilolezo cha dipatimenti yoona za madzi lisanalowe, ndipo limayang'aniridwa ndi kupoperedwa mankhwala lisanakhudze madzi. Ngakhale m'dziko momwemo madzi anawagawa m'zigawo, moti sungatulutse boti mumtsinje wa Chobe n'kukaliponya m'madambo a Okavango mwakufuna kwako. Salvinia anawalowerabe, ndipo amalimbana naye ndi tianankafumbwe timene timadya chomeracho. Koma poona unyinji wa alendo amene amapita ku Okavango chaka ndi chaka, madzi ake akadali otseguka. Ntchito yake si yamakina odula: munthu mmodzi, tochi, pampu yopopera ndi buku lolembamo.

Ife timalipira kumapeto. Namasupuni ali mu Shire, ndipo amatha kuwirikiza kawiri m'masabata awiri okha. Mbewu zake zimagona m'matope zaka zambiri zikudikira. Pa Kamuzu Barrage ku Liwonde pali chotchinga chogwira zomera, ndi makina ozivuula, kuti zisakatseke polowera madzi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mvula ikakula, zinyalala zikatsika zambiri, makina opangira magetsi amaimitsidwa kuti achotse. Wometa tsitsi ku Area 25 ndi wowotcherera zitsulo ku Kawale amakhala manja lende tsiku limenelo, mwina osadziwa n'komwe kuti wawakhazika pansi ndi duwa lofiirira limene linachoka ku South America ngati chokongoletsera.

Ndipo tisamangoloza maboti a alendo. Asodzi athu amasamuka kwambiri. Nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga inachitira mu 1995, kapena nsomba zikasowa ku Malombe, mabwato, maukonde ndi zingwe zimakwera lole kupita gombe lina. Ukonde wonyowa wopindidwa ndi chisa chabwino cha mbewu, nkhono ndi mazira. Apa makomiti a m'magombe, ma BVC, angathandize kuposa wina aliyense, pakuti mlendo akafika padoko amayamba waonekera kwa iwo. Lamulo lawo lingakhale losavuta: chotsa chilichonse chokola, khuthula madzi onse kumtunda kutali ndi gombe, yanika padzuwa masiku angapo. Pazipata za Mchinji, Dedza, Mwanza ndi Songwe, wofunsa mapepala angawonjezere funso limodzi, lakuti botili linali m'madzi ati komaliza. Ndipo poti nyanjayi timamwera limodzi ndi Tanzania ndi Mozambique, zimene tingachite ku Nkhata Bay ziyenera kuchitikanso ku Mbamba Bay ndi ku Metangula.

Bambo aja nditawafotokozera mwachidule, anagwada okha pasimenti n'kuyamba kuthothola timasamba tija. Anatsegula kabowo, madzi okwana ngati ndowa imodzi anakhuthukira m'ngalande youma, ndipo mnyamata wothira mafuta anabweretsa chidebe ndi burashi. Timasambato ndinatikulunga m'pepala, kufika kunyumba ndinatiponya pambaula. Botilo linalowera msewu wa Salima likadali lonyowa pansi.